Mbiri ya Galamala ya Chinyanja

Makolo athu ankayankhula mwadongosolo galamala isanalembedwe. Mu 1880 Alexander Riddel anasindikiza galamala ya Chinyanja kuti amishoni aphunzire chiyankhulochi. Mu 1937 Mark Hanna Watkins, amene anamvetsera Kamuzu Banda ku Chicago, anafotokoza Chichewa monga momwe chimayankhulidwira. Bungwe la Chichewa Board, lokhazikitsidwa mu 1972, linkalamula kalembedwe koyenera. Tsono galamala ili pawiri: yofotokoza ndi yolamula.

Inu aphunzitsi a mawa, gwiritsani zonse ziwiri. Mwana wa ku Chiponde amadza kusukulu ndi Chiyao, chimene Alexander Hetherwick anachifotokoza mu 1889. Akaphonya Chichewa, musamuyese mbuli, pakuti akutsata malamulo a chiyankhulo cha amake. Yambani mwamvetsa malamulowo, ndipo mudzamkonza bwino.