Chauffeur: Dalaivala Amene Ankasonkha Moto

Pokonzekera ukwati, ambiri amafuna galimoto yobwereka pamodzi ndi "chauffeur", koma kutchula mawuwa kumavuta. Ena amati "chawufa", ena "chofeya". Mawuwa ndi a Chifalansa, ndipo m'chinenerochi ch amamveka ngati sh, pomwe au amamveka ngati o. Ndiye yambani ndi "sho". Gawo lomaliza, -eur, ndilo lovutirapo: milomo muizungulize ngati mukufuna kunena o, koma lilime linene e. Mukati "shofer" mwayandikira kwambiri.

Gwero lake ndi chauffer, kutanthauza kutenthetsa. Afalansa akaphatikiza -eur kumapeto amapeza munthu wochita ntchitoyo, monga ife timapeza mawu oti mphunzitsi kuchokera ku kuphunzitsa. Chanter ndi kuimba, chanteur ndi woimba wamwamuna, wamkazi ndi chanteuse. Choncho chauffeur poyamba anali munthu wosonkha moto, monga wothira malasha m'ng'anjo ya sitima yoyendera nthunzi. Magalimoto atabwera chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, dzinalo linasamukira kwa woyendetsa.

Chenjerani apa: chauffeuse m'Chifalansa amatanthauzanso kampando kakafupi kowothera moto, ndiye musafulumire kutchula mayi woyendetsa galimoto choncho.

Ku France ngakhale woyendetsa basi kapena lole ndi chauffeur, ndipo Anyarwanda anabwereka mawuwa n'kumati shoferi. Ife tinawalandira kudzera m'Chingerezi, mmene amangonena dalaivala wolembedwa ntchito yonyamula munthu wina wake. Amene amadikira bwana pakhomo pa ofesi n'kumutsekulira chitseko ndi chauffeur. Wa minibasi ya ku Ndirande ndi dalaivala basi.