Kukongola kwa Dziko la Pakati pa Malombe ndi Chilwa: Zimene Mbiri Itiphunzitsa

Munthu akaima pa phiri la Chikala m'maŵa wa mwezi wa Juni, nkhungu itangoyamba kubalalika, aona dziko la Machinga lili tandale kunsi kwa mapazi ake. Chakuvuma kuli nyanja ya Chilwa ndi madambo ake a mabango ndi njedza. Chakuzambwe kuli mtsinje wa Shire, umene utuluka m'nyanja ya Malombe nuyenda mwakachetechete pakati pa migwalangwa ndi milambe kufikira ku Liwonde. Kutsidya kwake kwayala zigwa za Balaka. Palibe amene angaone zimenezi mtima wake osafuna kuyamika. Koma funso loyenera ife ansembe ndi ili: kodi chimene tiyamikacho tichidziŵa?

Tiyambe ndi anthu. Mu Epulo 1859 David Livingstone ndi John Kirk adafika pa nyanja ya Chilwa, ndipo mu Seputembala chaka chomwecho adalambalala Malombe pa ulendo wao wa ku nyanja ya Malaŵi. Kwao kwa Azungu zidamveka ngati atulukira malo obisika, chonsecho Anyanja adali atakhalamo kale mibadwo yambiri, akusema mabwato ndi kutchera miono. Posakhalitsa Ayao a mtundu wa Amachinga adaloŵa m'derali kuchokera kuvuma, ndipo mafumu ao, monga Kawinga ndi Liwonde, adakhazikika m'mapiri ndi m'mbali mwa Shire. Masiku amenewo adali a malonda a minyanga ndi a akapolo. Phiri la Chikala, limene ife tikwera kuti tipumitse maso, lidali linga la Kawinga kufikira 1895, pamene asilikali a Harry Johnston adalilanda. Tsono amene aona kukongola kwa phirili naiŵala iwo amene adatsika njira zake ali m'magoli, waona mbali imodzi yokha ya zoona. Ndi m'dziko lokhala ndi zipsera zotere m'mene ansembe a chipani cha Montfort adatsekula mishoni ya Utale mu 1908.

Madzi naonso ali ndi mbiri yao. Kuyambira 1915 kufikira cha mu 1935 nyanja ya Malaŵi idatsika kotero kuti Shire adaleka kuyenda monga mwa masiku onse. Malombe idaphwa, ndipo anthu adalima minda pamene lero pali asodzi. Nyanja ya Chilwa, popeza ilibe mtsinje wotulutsa madzi ake, ndi yosaya ndiponso yamchere, ndipo imafufuma kapena kuchepa potsata mvula. Idauma mu 1968, idaumanso mu 1995, ndipo mu 2018 mabwato adagonanso pa matope ong'aluka. Pa zaka zotere matemba, makumba ndi milamba zimasoŵa, asodzi okhala m'zimbowera amabwerera kumtunda chimanjamanja, ndipo njala imafika ngakhale ku misika yakutali. Makolo adanenetsa kuti chitsime chimadziŵika kuya chikaphwa.

Dzanja la munthu lidakhudzanso dzikoli. Mu 1965 padamangidwa chotchinga madzi pa Liwonde, kuti Shire aziyenda mwa muyeso kupita ku makina a magetsi a kumunsi. Mu 1970 njanji ya ku Nacala idadutsa pa mchenga wolekanitsa Chilwa ndi Chiuta kunka ku Nayuchi. Mu 1973 Boma lidapatula nkhalango ya nyama ya Liwonde, ndipo mu 1996 Chilwa idaloŵa m'kaundula wa pangano la Ramsar ngati dambo lofunika pa dziko lonse, makamaka chifukwa cha mbalame zake. Komabe m'zaka zomwezo chambo cha m'Malombe chidatsala pang'ono kutheratu chifukwa cha makoka a maso aang'ono, ndipo mapiri adayamba kumeteka ndi nkhwangwa za ootcha makala. Mtengo ukagwa pa Chikala, dothi limatsikira ku mtsinje, ndipo mtsinje umakalitula m'nyanja yosaya kale.

Tomasi Woyera wa ku Aquino adaphunzitsa kuti chinthu chimakongola chikakhala champhumphu, zigawo zake zikagwirizana, ndiponso chikaŵala. Tikayesa dziko lathu ndi muyeso umenewu, tiona kuti kukongola kwake sikuli pa kuŵala kwa dzuŵa pa madzi pokha. Kuli pa chimvano cha phiri, mtsinje, nsomba ndi mudzi. Ndipo chimodzi chikaonongeka, zonse zimalumala. Papa Fransisko adakumbutsa Eklezia za ichi m'kalata yake ya Laudato Si' mu 2015.

Nchifukwa chake, abale anga ansembe ndi inu a m'seminale amene mudzatumidwa ku maparishi a kuno, sikokwanira kuima pa khonde madzulo ndi kutamanda Mlengi. Wootcha makala si mdani wa chilengedwe. Ndi mkhristu kapena msilamu mnansi wathu amene ana ake agona ndi njala. Kumdzudzula pa guwa nkwapafupi, koma kukhala naye pansi pamodzi ndi mafumu ndi mashehe, kufunafuna njira ina yopezera chakudya, ndi kubzala mitengo pa malo a mishoni tisanauze ena, imeneyo ndiyo ntchito. Tidalandira dziko ili kwa anthu amene adalivutikira. Adzatifunsa za ilo ndi ana amene tikuŵabatiza lero.