Kalulu wobiriwira ndi mfumu yokana kufa

Star Wars ndinaidziwa mochedwa, ndipo ndinayamba ndi makutu pamene anzanga ambiri anayamba ndi maso. Chaka changa choyamba kuno ku yunivesite, mnzanga amene ndinkagona naye chipinda chimodzi anandiikira m'foni sewero la pawailesi la magawo 13, ndipo usiku wina magetsi atazima ndinayamba kulimvera ndili chigonere. Ndinakula ndi Sewero la Sabata Ino pa MBC, choncho kutsata nkhani popanda chithunzi sichinali chachilendo kwa ine. Filimu yeniyeniyo ndinadzaionera patapita miyezi, ndipo kunena zoona inandichepera. Zambiri zimene ndinkaziyembekezera munalibe. Nditamudandaulira mnzangayo anangoseka, amvekere, "Aise, zimene unamverazo si canon."

Liwu limeneli linachokera ku tchalitchi, kumene limatanthauza mndandanda wa mabuku ololedwa kukhala m'Baibulo. Okonda Star Wars analibwereka pofuna kusiyanitsa nkhani "zochitikadi" ndi zongowonjezera. Zimaseketsa ndithu, poti nkhani yonseyo ndi yopeka. Koma monga wophunzira za mbiri yakale, funso lakuti ndani amagamula kuti ichi chinachitika, ichi ayi, sindilitenga mwachibwana. Ndiye ndinayamba kufufuza kumene mkanganowu unayambira.

Filimu yoyamba ya Star Wars, ya George Lucas, inatuluka pa 25 May 1977. Kampani ya Marvel inali itayamba kale kugulitsa nkhani yomweyo m'makomiki, timabuku tija tofotokoza nkhani ndi zojambula. Wolemba anali Roy Thomas, wojambula Howard Chaykin. Timabuku 6 toyamba tinangotsata filimu. Vuto linadza pamene nkhani ya m'filimu inatha, owerenga akufunabe zina, filimu yachiwiri isanapangidwe. Olemba anayenera kupeka okha. M'kabuku ka nambala 8 munatulukira Jaxxon, kalulu wobiriwira woyenda ndi miyendo iwiri, wamwano, wonyamula mfuti. Thomas anadzanena pambuyo pake kuti Lucas sanakondwe naye kaluluyu, ndipo posakhalitsa anasowa. Kwa zaka zambiri, munthu akafuna kunyoza makomiki a Marvel amene anafika pa nambala 107 mu 1986, ankangotchula Jaxxon basi, mkangano n'kuthera pompo. Ine pomuona koyamba sindinadabwe naye. Kwathu kalulu wochenjera wolankhula ngati munthu timamudziwa kuyambira tili pa miyendo ya agogo.

Sewero la pawailesi linayenda njira ina. Lucas anagulitsa chilolezo chake pa dola imodzi yokha kwa KUSC, wailesi ya University of Southern California kumene iye anaphunzira, ndipo seweroli linaulutsidwa pa National Public Radio ku America mu 1981. Analemba ndi Brian Daley. Mark Hamill anabwera kudzalankhula monga Luke, Anthony Daniels monga C-3PO, ndipo nyimbo za John Williams ndi phokoso lonse la m'filimu anazigwiritsa ntchito. Filimu ndi ya maola awiri, seweroli ndi la maola pafupifupi 6, choncho Daley anali ndi malo oti adzaze. Apa ndi pamene panagona ukatswiri wake. Timamva Luke ali kwawo ku Tatooine, anyamata anzake akumuseka, iye akucheza ndi mnzake wapamtima Biggs amene akumuululira kuti akukalowa gulu la oukira. Biggs uja akamadzafa kumapeto, imfa yake imapweteka, pamene m'filimu ya 1977 ndi munthu amene sumudziwa n'komwe. Timamvanso mmene Leia anapezera mapulani a Death Star. Ndipo pali gawo limene Darth Vader akumufunsa mafunso Leia m'ndende. M'filimu chitseko chimangotsekeka. Pawailesi umakhala momwemo m'chipindamo, kumva mawu a mtsikanayo akunjenjemera. Ndinalimvera mumdima, ndipo sindinalibwerezenso.

Ambiri okonda Star Wars amalilemekeza seweroli, koma pa nkhani ya mawu sagwirizana. Vader wa pawailesi ndi Brock Peters osati James Earl Jones, ndipo Han Solo ndi Perry King osati Harrison Ford. Kwa amene anayamba ndi filimu, awa ndi alendo ovala zovala za eni ake. Kwa ine zinatembenuka: Harrison Ford ndi amene anandimvekera mlendo. Apa ndinaphunzira kuti chimene munthu amatcha "chenicheni" nthawi zambiri chimangokhala chimene anayamba kukumana nacho.

Filimu yachitatu itatuluka mu 1983, zinthu zinayamba kuzizira, mpaka 1991 pamene moto unayakanso. Chaka chimenecho Timothy Zahn anatulutsa buku la Heir to the Empire, ndipo kampani ya Dark Horse, imene inatenga chilolezo cha makomiki, inayamba Dark Empire, yolembedwa ndi Tom Veitch, yojambulidwa ndi Cam Kennedy. Mu Dark Empire mfumu yankhanza Palpatine, imene Vader anaiponya m'dzenje populumutsa mwana wake, inabweranso. Mzimu wake unalowa m'matupi ena opangidwa mofanana ndi thupi lake, ndipo Luke anapita kukaigwadira poganiza kuti aigonjetsera mkati. Owerenga anagawanika, ndipo mpaka lero sanabwererane. Ena ankati ngati mfumuyo sinafe, ndiye kuti Vader anafera chabe. Ena ankati munthu wokonda ulamuliro chotero sakanalephera kukonzekera imfa yake. Ine ndili ku mbali yoyambayo, ngakhale zojambula za Kennedy, zodzala ndi mtundu wobiriwira ndi wofiirira ngati maloto oipa, ndimazikonda kwambiri.

Nkhani zitachuluka, kampani ya Lucasfilm inaika munthu, Leland Chee, woti azisunga kaundula wa zonse. Zinthu zinaikidwa m'magulu: pamwamba mafilimu a Lucas, pansi pake mabuku ndi makomiki, ndipo zakale za Marvel zinatsitsidwa pansi penipeni. Komabe mpanda sunali wolimba. Dzina la Coruscant, likulu la ufumuwo, Lucas analitenga m'buku la Zahn. Aayla Secura, mkazi wa Jedi wa khungu la buluu, anabadwira m'makomiki a Dark Horse, Lucas anamuona pa chikuto, n'kumulowetsa mu filimu ya 2002.

Mu October 2012 Disney inagula Lucasfilm pa madola oposa 4 biliyoni. Pa 25 April 2014 kunabwera chilengezo chakuti mabuku, makomiki ndi masewero a zaka zoposa 35 sakuwerengedwanso m'mbiri yeniyeni ya Star Wars, ndipo aziikidwa chizindikiro chakuti Legends. Eni ake atsopano ankafuna kupanga mafilimu osamangika ndi zimene ena analemba kale. Chilolezo cha makomiki chinabwerera ku Marvel, imenenso ndi ya Disney, ndipo kabuku koyamba ka January 2015 kanagulidwa makope oposa 1 miliyoni. Pa malonda, chiganizocho chinapindula.

Koma anthu anapwetekeka. Ena anasonkherana ndalama n'kukweza chikwangwani ku San Francisco mu 2016, kupempha kuti nkhani zakalezo zipitirire. N'kosavuta kuwaseka, ndipo poyamba nanenso ndinawaseka. Pano ndimawamvetsa. Munthu watsata banja limodzi zaka 20, waona Luke akukwatira Mara Jade, ana a Han ndi Leia akukula, wagula mabuku ndi ndalama zake, tsiku limodzi n'kumva kuti nkhaniyo yaimira panjira ndipo sidzamalizidwa. Pamene ndimasiyana nawo ndi pamene amayamba kunena ngati zonse zakale zinali zabwino. Anthu amakedzana omwewa ndi amene ankatukwana Jaxxon, ndipo mu 1999 anamukwiyira koopsa R. A. Salvatore chifukwa chopha Chewbacca m'buku la Vector Prime. Chikondi china chinabwera zinthuzo zitalandidwa.

Chimene chimandisangalatsa kwambiri ndi zimene zinatsatira. Amene anatseka nkhokwe ndi omwewo anayamba kutapamo. Kubedwa kwa mapulani a Death Star, kumene Daley anakufotokoza pawailesi mu 1981, kunafotokozedwanso mwatsopano mu Rogue One ya 2016. Thrawn wa Zahn anabwezedwa chaka chomwecho m'makatuni a Rebels. Jaxxon anatulukiranso m'makomiki mu 2018, ndipo ulendo uno ambiri anamulandira ndi chimwemwe. Kenako mu 2019, mu The Rise of Skywalker, Palpatine anaukanso. Mkangano wa 1991 unabwerera momwe unalili, kungoti tsopano ndinkawerenga anthu akuyamikira Dark Empire kuti iyo inayesako kufotokoza mmene mfumuyo inabwerera. Komiki imene inali yochititsa manyazi inasanduka mboni yotsutsira filimu.

Ndiye mnzanga akati sewero langa si canon, sakunama. Akungondiuza amene ali ndi chilolezo lero ndi zimene wasankha. Chilengezo cha 2014 sichinasinthe liwu ndi limodzi lomwe la zimene Daley analemba, ndipo Biggs amandimvetsabe chisoni chimodzimodzi.

Daley analembanso sewero lachiwiri, The Empire Strikes Back, la magawo 10, limene linaulutsidwa mu 1983. Lachitatu linachedwa zaka 13 chifukwa cha kusowa kwa ndalama. Pamene Return of the Jedi imajambulidwa mu 1996, iye anali akudwala khansa, ndipo anamwalira mu February chaka chomwecho, ntchito yojambula mawu itangotha kumene. Magawo ake ndi 6. Ndamvera 5, ndipo lomalizalo lakhala m'foni mwanga chiyambire teremu yatha.