Mpweya wa kaboni wochokera m'mayiko amene akutukuka

Mpweya wa kaboni umatuluka potentha malasha, mafuta ndi gasi komanso popanga simenti. Ukachuluka mumlengalenga umatsekereza kutentha kuti kusachoke padziko, ndiye nyengo imasokonekera. Kwa zaka zoposa 100, wambiri unkachokera ku Ulaya ndi ku America. Masiku ano wochuluka ukuchokera m'mayiko amene chuma chawo chikukwera kumene, makamaka a ku Asia.

China idapitirira America cha m'ma 2006, patangotha zaka zochepa ilowereni m'bungwe la zamalonda la WTO mu 2001. Mafakitale ake a zitsulo ndi simenti, ngakhalenso magetsi a m'mizinda yake, zonse zinkadalira malasha. Lero dzikoli limatulutsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mpweya wonse wa kaboni. India ili pachitatu, ndipo magetsi ake oposa 70 pa 100 aliwonse amachokera ku malasha. Afirika yense safika ndi pa 4 pomwe pa 100 aliwonse a mpweyawu.

Mkangano wagona pa kawerengedwe. Tikagawira munthu aliyense, wa ku America amatulutsa matani pafupifupi 14 pachaka, wa ku China 8 kapena kuposerapo pang'ono, wa ku India 2 basi. Komanso mpweyawu umakhala mumlengalenga zaka mazanamazana, choncho utsi wa mafakitale akalekale ukadatenthetsabe dziko mpaka pano, ndipo pa mpweya wonse wounjikana chiyambire, America ndiyo ili patsogolo. Tisaiwalenso kuti katundu wambiri wopangidwa ku China amakagulidwa ndi omwewo amene amailoza chala. Mfundo ya mayiko akutukukawa ndi yomveka, kungoti mlengalenga susankha kuti utsi wachokera kwa wolemera kapena wosauka.

Pangano la Kyoto la mu 1997 lidaika malire kwa mayiko olemera okha, ndipo America idakana kulitsatira podandaula kuti China ndi India zasiyidwa. Pangano la Paris la mu 2015 lidasintha zimenezi: dziko lililonse limadziikira lokha mlingo wochepetsera mpweya. Mu 2020 mtsogoleri wa China Xi Jinping adalonjeza kuti mpweya wa China usiya kukwera chisanafike chaka cha 2030, ndipo chisanafike 2060 wotuluka udzafanana ndi wochotsedwa. Mtsogoleri wa India Narendra Modi adati dziko lake lidzafika pamenepo mu 2070, pa msonkhano wa ku Glasgow mu 2021, komwe mayiko awiriwa adakana kulonjeza zosiyiratu malasha, nangovomera kuchepetsa. Chodabwitsa n'chakuti China yomweyo imapanga masola ambiri kuposa mayiko ena onse kuphatikiza pamodzi, kwinaku ikumangabe malo atsopano opangira magetsi a malasha.

Ndalama ndiye pavuta kwambiri. Ku Copenhagen mu 2009 mayiko olemera adalonjeza mayiko akutukuka madola 100 biliyoni pachaka pofika 2020, koma malinga ndi bungwe la OECD adakwanitsa mu 2022. Ku Baku mu 2024 adagwirizana za 300 biliyoni pachaka pofika 2035, ndalama zimene India idati n'zochepa zedi. South Africa idalonjezedwa madola 8.5 biliyoni mu 2021 kuti iyambe kuchoka pa malasha, zambiri mwa izo ngongole. Kampani ya magetsi ya dzikolo, Eskom, idatseka siteshoni ya malasha ya Komati ku Mpumalanga mu 2022, ntchito zatsopano za anthu a m'deralo zisanakonzeke bwino. Mu 2025 America idatuluka m'mgwirizano wothandiza South Africa uja.