Ukalamba wa mbira yoweta

Ukalamba wa mbira yoweta ndi nyengo ya kumapeto kwa moyo wa kanyama kamene asayansi amakatcha Cavia porcellus, pamene thupi ndi khalidwe lake zimayamba kusintha. Nthawi zambiri nyengoyi imayamba mbira ikakwanitsa zaka 4 kapena 5. Mbira yosamalidwa bwino imakhala ndi moyo zaka 5 mpaka 7, ndipo zina zimafika zaka 8. Buku la Guinness World Records limatchula mbira ina ya ku England, dzina lake Snowball, imene inafa mu 1979 ili ndi zaka 14 ndi miyezi 10, koma zotere sizichitika kawirikawiri.

Mbira yoweta ndi yosiyana ndi mbira ya m'mapiri imene imakhala m'matanthwe, ngakhale dzina ndi limodzi. Yowetayi inachokera ku mapiri a Andes ku South America, ndipo ku Peru, Ecuador ndi Bolivia anthu amaiwetabe kuti adye nyama yake. M'midzi ya ku Malawi nakonso mbira zimawetedwa kuti zikhale ndiwo, choncho zambiri zimaphedwa zisanakalambe. Ukalamba wa mbira umaoneka makamaka kumene anthu amaisunga m'nyumba ngati mmene amasungira mphaka, monga ku Ulaya ndi ku North America.

Kubisa matenda

Makolo a mbira kutchire ankadyedwa ndi nyama zina, ndipo nyama yooneka yofooka ndi imene imayamba kugwidwa. Pa chifukwa chimenechi mbira imabisa ululu mpaka matenda atakula. Izi zimasokoneza woweta, chifukwa zizindikiro za ukalamba weniweni ndi za matenda zimafanana: kugona kwambiri, kuyenda pang'onopang'ono ndi kuwonda. Zambiri zimene anthu amangoti "yakalamba basi" zimakhala matenda a mano, a chikhodzodzo kapena nyamakazi, amene angathe kuchizidwa kapena kuchepetsedwa ululu wake.

Njira yodalirika yodziwira kusiyana kwake ndi sikelo. Mbira yaimuna yaikulu imalemera magalamu 900 mpaka 1,200, pamene yaikazi imalemera magalamu 700 mpaka 900. Ubweya umabisa kuwonda, kotero maso okha sakwanira. Oweta amalangizidwa kuiyeza pa sikelo ya kukhitchini kamodzi pa sabata, pa nthawi yofanana, ndi kulemba zotsatira zake. Mbira yokalamba imataya mnofu pang'onopang'ono kwa miyezi yambiri, makamaka kumsana ndi m'chiuno, ndipo mafupa amayamba kumveka munthu akaigwira. Koma ikatsika ndi magalamu 50 kapena kuposerapo m'sabata imodzi, umenewo si ukalamba ayi, ndi matenda.

Mano ndi m'mimba

Mbira ili ndi mano 20, ndipo onse amakula moyo wake wonse. Amaperepeseka ikamatafuna udzu, n'chifukwa chake udzu uyenera kukhala gawo lalikulu la chakudya chake. Mbira yokalamba ikachepetsa kudya udzu, kaya chifukwa cha kupweteka kwa chibwano kapena matenda ena, mano otafunira a m'kati amatalika. Apansi amapendekera m'kati mpaka kutsekereza lilime, ndipo apamwamba amatha kulasa tsaya. Mbira yotere imabwera pa chakudya mwachangu ngati kale, n'kutola tsamba, kenaka n'kuligwetsa. Imasankha zofewa zokha, imatuluka dovu ndipo ubweya wa pansi pa chibwano umanyowa. Kungoona mano akutsogolo sikuthandiza kwenikweni, chifukwa vuto limakhala m'kati momwe woweta sangaone popanda chipangizo cha dokotala wa ziweto.

Matumbo a mbira amayenera kugwira ntchito nthawi zonse. Ikasiya kudya, matumbo amaima, mpweya umadzaza m'mimba, ndipo imatha kufa m'masiku ochepa. Mbira imene yatha maola 12 osadya kapena osatulutsa ndowe ikufunika thandizo tsiku lomwelo. Ndowe zazing'ono, zouma kapena zochepa kuposa masiku onse zimasonyeza kuti chakudya chimene ikudya chachepa.

Mofanana ndi munthu, mbira siipanga vitamini C m'thupi mwake. Mu 1907 Axel Holst ndi Theodor Frølich a ku Norway anaonetsa kuti mbira zodyetsedwa mbewu zouma zokha zimadwala scurvy, matenda amene ankavutitsa amalinyero. Mbira imafuna pafupifupi mamiligalamu 10 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake tsiku lililonse, ndipo yodwala imafuna ochulukirapo. Ikaperewera vitaminiyu mfundo za mafupa zimatupa, nkhama zimatuluka magazi ndipo ubweya umanyankhalala, zimene n'zosavuta kuzisokoneza ndi ukalamba. Tsabola wosawawa, masamba obiriwira ndi kachidutswa ka gwafa zili ndi vitamini C wambiri. Kuthira vitaminiyu m'madzi akumwa si njira yabwino, chifukwa amawonongeka msanga ndiponso amasintha kukoma kwa madzi.

Miyendo ndi mapazi

Nyamakazi imagwira mbira zokalamba zambiri, makamaka m'mawondo ndi m'chiuno. Mbira imayenda mouma miyendo, nthawi zina modumpha ndi miyendo yakumbuyo yonse pamodzi ngati kalulu, ndipo imasiya kukwera pamalo pamene inkakwera kale. Poti imakhala malo amodzi nthawi yaitali, mkodzo umainyowetsa kumbuyo ndipo mapazi amachita zilonda. Kunsi kwa mapazi a mbira kulibe ubweya, choncho khola lokhala ndi waya pansi kapena zofunda zonyowa zimakulitsa vutoli msanga. Zikhadabo nazo zimakhuthala ndi kupindika chifukwa sizikuperepeseka, ndipo zimafunika kuwengedwa pafupipafupi.

Mavuto a zazikazi ndi a zazimuna

Mbira zazikazi zambiri zikamakula zimachita zotupa zamadzi m'timatumba ta mazira. Zina sizionetsa chizindikiro chilichonse. Zina zimathothoka ubweya m'nthiti mbali zonse ziwiri mofanana koma osayabwa, mimba imakula pamene msana ukuwonda, nsonga za mawere zimachita nkhanambo, ndipo mbira imene inali yofatsa imayamba ukali ndi kukwera zinzake. Chithandizo chake ndi opaleshoni kapena jakisoni wa mahomoni. Kuthothoka ubweya kumene kumabwera ndi kudzikanda koopsa n'kosiyana, kawirikawiri kumayamba ndi nthata zotchedwa Trixacarus caviae, zimene zimachuluka thupi likafooka. Ndiponso mbira yaikazi imene sinaberekepo ili yaing'ono siyenera kutenga bere itakula, chifukwa mafupa a m'chiuno amakhala atalimba ndipo imatha kufa pobereka.

Zazimuna zokalamba zili ndi vuto lakelake. Mbira imatulutsa ndowe za mitundu iwiri: zouma zimene zimaoneka m'khola, ndi zofewa zimene imadyanso kuti ipeze mavitamini a gulu la B. Minofu ya kumbuyo ikafooka, ndowe zofewazi zimaunjikana m'kathumba ka pafupi ndi kotulukira chimbudzi, n'kupanga chibuluma chonunkha. Vutoli silitha, koma silipha ngati woweta akuyeretsa malowo mosamala tsiku lililonse kapena pakapita masiku angapo. Ndi ntchito yosasangalatsa, koma mbira yosamalidwa chotere imatha kukhalabe ndi moyo nthawi yaitali.

Matenda ena

Miyala ya m'chikhodzodzo imapezeka pa zazimuna ndi zazikazi zomwe, ndipo yambiri imapangidwa ndi kashiamu. Mbira imalira ndi kukhota msana pokodza, ndipo mumkodzo mumatha kuoneka magazi. Miyalayi imaoneka bwino pa ekisire, ndipo ikuluikulu imachotsedwa ndi opaleshoni. Msipu wa alfalfa, umene uli ndi kashiamu wambiri, ndi woyenera ana ndi zabere, osati mbira zokalamba.

Ng'ala imachititsa diso kuoneka lotuwa. Mbira yosaona imazolowera bwino chifukwa imadalira kwambiri mphuno, makutu ndi ndevu zake, bola zinthu za m'khola zisamasunthidwe. Matenda a mtima amaoneka ndi kupuma movutikira, kutopa msanga ndi kugona tulo tofa nato, moti munthu amatha kuinyamula isanadzuke. Zotupa za pakhungu ndi za m'mawere zimachuluka ikapitirira zaka 3, ndipo za m'mawere zimagwiranso zazimuna. Mbira imene ikudya kwambiri koma ikuwondabe ingakhale ndi vuto la chithokomiro.

Kusintha kwa khalidwe

Mbira yaing'ono ikasangalala imadumpha m'mwamba mwadzidzidzi ndi kuthamanga mozungulira khola. Ikakalamba izi zimachepa, imagona nthawi yaitali, ndipo zambiri zimafatsa moti zimalola kugwiridwa kuposa kale. Kulira kwake kosongoka kopempha chakudya kumatha kuchepa mphamvu. Zimenezi zikamabwera pang'onopang'ono, mbira ikudya bwino ndipo sikelo sikusintha, palibe chodetsa nkhawa. Chosiyana ndi mbira yokhala pakona itayang'ana kukhoma, ubweya utaimirira, maso atatsinzina pang'ono: imeneyo ikumva ululu.

Mbira ndi nyama zokhala pagulu, ndipo pagulupo pamakhala yaikulu ndi zotsatira. Yokalamba imatha kulandidwa udindo ndi yaing'ono n'kumathamangitsidwa pa chakudya. Kuika mbale ziwiri ndi malo obisalamo angapo kumachepetsa mkangano popanda kuzilekanitsa. Inzake ikafa, yotsalayo nthawi zina imasiya kudya, zimene n'zoopsa kwa nyama imene matumbo ake sayenera kuima. Ku Switzerland, kuyambira mu 2008 malamulo osamalira nyama salola kusunga mbira imodzi yokha.

Chisamaliro

Khola la mbira yokalamba liyenera kukhala lafulati, louma, lokhala ndi zofunda zofewa, ndipo udzu ndi madzi zikhale pafupi ndi pamene imagona. Mbira sizipirira kutentha: kukapitirira madigiri 27 zimayamba kuvutika, ndipo zokalamba ndi zonenepa ndi zimene zimayamba kukomoka. Khola la denga la malata loikidwa padzuwa likhoza kuzipha masana amodzi. Mbira imene ikulephera kutafuna imamwetsedwa phala la chakudya chake cha m'sitolo chonyowetsedwa, pogwiritsa ntchito sirinji yopanda singano, pang'onopang'ono kuti isatsamwe.

Ululu wa nyamakazi umachepetsedwa ndi mankhwala monga meloxicam, operekedwa ndi dokotala wa ziweto malinga ndi kulemera kwa mbirayo. Maantibayotiki ena amene anthu amamwa ndi poizoni kwa mbira. Penisilini, amoxicillin, erythromycin ndi clindamycin amapha mabakiteriya abwino a m'matumbo mwake, ndipo imatha kutsegula m'mimba mpaka kufa. Ngati mbira yasiyiratu kudya yokha, singathe kuyenda ndipo ululu sukumva mankhwala, madokotala a ziweto amatha kuibaya jakisoni woti ife mosamva kuwawa.