Kuyimba foni pa simukadi ya mu rauta

Rauta yoyendera simukadi ndi kachipangizo kamene kamakoka intaneti ku nsanja za kampani ya foni n'kuigawira mafoni ndi makompyuta a pakhomo kudzera pa WiFi. Simukadi imene imalowa m'menemo ndi yofanana ndi ya mu foni ya m'manja: ili ndi nambala yakeyake, monga ya 088 ya TNM kapena ya 099 ya Airtel. N'chifukwa chake ambiri amafunsa ngati munthu angathe kuyimba kapena kuyimbiridwa pa nambala imeneyo simukadi ili mu rauta momwemo. N'zotheka, koma pa marauta ena okha, ndiponso netiweki ya dera limenelo ikalola.

Njira ziwiri zimene anthu amasokoneza

Wolumikiza foni yake ku WiFi ya rauta n'kuyimba pa WhatsApp sanayimbe ndi nambala ya simukadi ya mu rauta. Mawu ake ayenda ngati data, amene akudya ndi bandulo ya intaneti, ndipo woyimbiridwayo naye ayenera kukhala ndi foni ya intaneti komanso data. Njira imeneyi, imene WhatsApp inayamba mu 2015, imatheka pa rauta iliyonse ndipo n'njotchipa, poti mawu okha safika megabaiti imodzi pa mphindi. Koma siyimbira agogo a ku Kaporo, m'boma la Karonga, amene ali ndi kafoni ka mabatani, ndipo siyimbira 997 ya apolisi.

Njira yachiwiri ndiyo kuyimba kwenikweni, kumene nambala ya simukadi ya mu rauta imaoneka pa foni ya woyimbiridwa ndipo ndalama zimaduka pa mayunitsi kapena pa bandulo ya mphindi zoyimbira. Bandulo ya data, ngakhale ikule bwanji, silipira kuyimba kotere.

Marauta amene amatha

Karauta ka m'thumba kamene anthu amakatcha MiFi kalibe polankhulira, pomvera kapena polowetsa chingwe cha foni. Munthu akayimba nambala yake, palibe poti n'kulirira. Marauta akuluakulu oyika pathebulo, monga Huawei B315, B525 ndi B593 kapena ZTE MF283, ndi amene kawirikawiri amakhala ndi kabowo kolembedwa TEL kumbuyo kwake. Kabowoka, kotchedwa RJ11, n'kakang'ono poyerekeza ndi mabowo a chingwe cha kompyuta amene ali pambali pake, ndipo n'kolowetsapo foni ya pathebulo ya mtundu uja umene unkayendera mawaya a kampani ya MTL. Mukalowetsa chingwe n'kunyamula chomvera, mumamva kulira kosonyeza kuti laini ilipo, kenako mumadina nambala monga mwa nthawi zonse. Rauta ndi imene ikupereka mphamvu yolizira foniyo, ndiponso ndi imene ikusandutsa mawu kuti akwere ku nsanja.

Kukhalapo kwa kabowoka si umboni wokwanira. Marauta ena amene anagulitsidwa koyamba ndi makampani a mayiko ena amabwera atatsekedwa mbali ya mawu mu pulogalamu ya m'kati, ndipo ena amakana simukadi ya kampani ina iliyonse. Wogula rauta yogwirapo kale ntchito achite bwino kuyesa kuyimba asanapereke ndalama.

Zimene zimachitika foni ikalira

Netiweki za 2G ndi 3G zinapangidwa ndi njira yapadera ya mawu. Munthu akayimba, netiweki imamupatulira mpata wakewake mpaka adule, monga mmene ngalande ya pa sikimu ya mpunga ya Hara kapena Lufilya ku Karonga imatsegulidwira munda umodzi mpaka madzi akwane. 4G, imene inayamba kugwira ntchito mu 2009 ku Stockholm ndi Oslo, ilibe njira yotero. Imanyamula data yokhayokha. TNM inayambitsa 4G m'Malawi mu 2016 ndipo Airtel inatsatira mu 2018.

Pofuna kuti simukadi ya pa 4G izilandirabe mafoni, akatswiri anakonza njira yotchedwa CSFB. Foni ikamabwera, netiweki imauza rauta kuti itsike pa 4G kupita pa 3G kapena 2G, ikambitse anthuwo kumeneko, akadula ibwerere. Zotsatira zake zimaoneka m'nyumba momwemo. Foni imachedwa pang'ono kulira. Rauta ikatsikira pa 3G, intaneti imayendabe koma mwapang'onopang'ono. Ikatsikira pa 2G, kawirikawiri imaima kaye mpaka kukambirana kuthe. Mu ofesi imene wina akutumiza malipoti pa kompyuta uku mnzake akucheza pa foni ya pathebulo, kusamvana kumayambira apa.

Palinso msampha umene umagwira ngakhale odziwa za makompyuta. Ambiri, pofuna liwiro, amakhoma rauta kuti izigwira 4G yokha. Rauta yotere siingathenso kutsika, ndiye woyimba amangomva kuti nambalayo sikupezeka, chonsecho intaneti ikuyenda bwinobwino. Mankhwala ake n'kubwezera rauta pa Auto.

Njira yatsopano ndi VoLTE, imene inayamba mu 2012 ku South Korea ndi ku United States. Imeneyi imanyamula mawu pa 4G pomwepo, intaneti osaima, mawu n'kumamveka bwino kuposa kale. Koma imafuna kuti zinthu zitatu zigwirizane: kampani ikhale nayo, simukadi itsegulidwe, ndipo pulogalamu ya rautayo izindikire kampaniyo. Chimodzi chikasowa, rauta imabwerera ku CSFB.

Ku Karonga

Titenge chitsanzo cha boma la Karonga. Bomali linali ndi anthu 365,028 pa kalembera wa 2018, ndipo ambiri amakhala m'chigwa cha pakati pa nyanja ya Malawi ndi mapiri a kumadzulo, kumene msewu wa M1 umadutsa kuchokera ku Chilumba, kudzera ku Uliwa, Ngara ndi pa boma, mpaka ku Songwe. M'chigwa netiweki imayenda patali chifukwa palibe chotchinga. Ukakhotera msewu wa ku Chitipa, cha ku Kayelekera, mapiri ndi zigwembe zimaidula, ndipo anthu amadziwa mtengo kapena chulu chimene foni imagwirapo.

Kumalo otere n'kumene rauta ya kabowo ka TEL imaonetsa phindu lake. Tinyanga take n'tamphamvu kuposa ta foni ya m'manja, ndipo marauta ambiri otere ali ndi polumikiza mlongoti wa panja. Rauta ikapachikidwa pawindo loyang'ana kumene kuli nsanja, kapena mlongoti ukakwezedwa pansungwi pamwamba pa denga, chingwe cha foni chikhoza kutsikira pathebulo la ofesi. Pa sukulu, pa chipatala chaching'ono kapena pa ofesi ya kalabu ya alimi a mpunga wa Kilombero, izi zikutanthauza nambala imodzi yokhazikika imene sichoka ndi munthu akasamutsidwa kapena akapita kumaliro. Ubwino umenewu ndi waukulu kuposa mmene ambiri amauganizira.

Vuto ndi magetsi ndi kutentha. Rauta ya pathebulo nthawi zambiri ilibe batire, ndiye magetsi akazima foni imazima nawo. Mwayi wake ngwakuti marauta ambiri amayendera mphamvu ya 12V, imene batire ya sola imapereka. Koma Karonga ndi kotentha kwambiri, makamaka mu Okutobala ndi Novembala, ndipo rauta yosiyidwa padzuwa kapena pafupi ndi malata imatentha n'kumazima yokha. Ikhale pamthunzi podutsa mphepo.

Pa malire a Songwe

Mtsinje wa Songwe umalekanitsa Malawi ndi Tanzania, koma sutchinga netiweki. Tsidya la Kasumulu ndi Kyela kuli nsanja za Vodacom, Halotel ndi Airtel ya ku Tanzania, ndipo simukadi ya ku Malawi imene ili pafupi ndi mtsinje ikhoza kulumphira kumeneko yokha. Zikatero kuyimba kumawerengedwa ngati kwa munthu amene ali kunja kwa dziko, mtengo n'kukwera, ndipo bandulo yogulidwa kuno sigwira. Pa foni ya m'manja munthu amaona dzina la kampani likusintha. Rauta ili pashelefu palibe amaiyang'ana. Wokhala m'dera limeneli atseke kulumphira kumeneku, kotchedwa roaming, ndipo asankhe yekha netiweki ya kampani yake m'malo molola rauta kudzisankhira. Amalonda owoloka malire ambiri amangosunga masimukadi awiri, ya +265 ndi ya +255.

Mauthenga, ndalama ndi lamulo

Ngakhale rauta yosatha kuyimba imalandira mauthenga a SMS. Amawerengedwa pa tsamba la rautayo, limene pa marauta ambiri a Huawei limatsegulidwa polemba 192.168.8.1 pa foni kapena kompyuta yolumikizidwa ku WiFi yake. Marauta ambiri alinso ndi polemba manambala oyamba ndi nyenyezi, ofunsira mayunitsi otsala ndi kugulira bandulo. Apa pakufunika kusamala kwenikweni. Pasiwedi ya tsambalo ikasiyidwa ija ya kufakitale, imene pa marauta ambiri ndi admin, aliyense wopatsidwa WiFi angathe kuwerenga mauthenga onse, kuphatikizapo manambala achinsinsi ochokera kubanki. Simukadi yosungira ndalama za Mpamba kapena Airtel Money siyoyenera kukhala mu rauta ya anthu ambiri.

Kuyambira 2018, bungwe loyang'anira za mafoni la MACRA limafuna kuti simukadi iliyonse ilembetsedwe m'dzina la mwini wake, ndipo ya mu rauta ili m'gulu lomwelo. Wolembetsayo ndiye amayankha pa zonse zochitika pa nambalayo, choncho bungwe lilembetse m'dzina lake, osati la mlonda kapena kalaliki amene anatumidwa kukagula. Kuyimba pa rauta ya pakhomo kapena ya pa ofesi n'kololedwa. Choletsedwa ndi makina otchedwa SIM box, odzaza masimukadi ambiri, amene amalandira mafoni a kunja pa intaneti n'kuwalowetsa m'dziko ngati ochokera pa nambala za kuno pofuna kuzemba malipiro.