Nkoloso, Edward Mukuka (1919–1989)

Mphunzitsi wa ku Zambia amene anakonza ulendo wa kumwezi popanda thandizo la boma. Mu 1960 anakhazikitsa bungwe la Zambia National Academy of Science, Space Research and Philosophy, ndipo ankaphunzitsa achinyamata pafamu ina kunja kwa Lusaka. Maphunziro ake anali ochititsa kakasi: wophunzira ankalowa m'diramu, anzake n'kumugubuduza pamtsetse, ati kuti thupi lizolowere za mumlengalenga. Roketi yake, D-Kalu 1, inkayenera kunyamuka pa 24 Okutobala 1964, tsiku limene Zambia inalandira ufulu. Anapempha mapaundi 7 miliyoni ku UNESCO koma sanapatsidwe, ndipo ntchitoyo inafera m'mazira.

Atolankhani akunja ankamuseka, komabe ntchito yopita kumwezi yavutanso eni chuma ndi akatswiri. Beresheet, chombo chopanda munthu cha bungwe la SpaceIL la ku Israel, chinaphwanyika pamwezi mu Epulo 2019. Odysseus, chombo cha kampani ya Intuitive Machines, chinatera pa 22 Febuluwale 2024 koma chinapendekera cham'mbali. Blue Ghost ya kampani ya Firefly Aerospace ndiyo inatera choimirira pa 2 Malichi 2025.